Kugula njinga yamoto yakale ngati yoyamba: zochita musanapereke ndalama

Mwezi sutha popanda wina kunditumizira chithunzi pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Achimwene, kanjinga aka kakugulitsidwa motchipa, ndigule?" Wofunsayo amakhala mphunzitsi amene amutumiza kusukulu yakutali ndi msewu wa tala, mlimi amene wangogulitsa soya, kapena mnyamata wa m'tauni amene watopa ndi mitengo ya minibasi. Chithunzicho sichindiuza kanthu, chifukwa njinga iliyonse imakongola ikatsukidwa. Ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Ndikunena za njinga zing'onozing'ono za 100cc mpaka 150cc, zoyendera kuntchito, kumsika ndi kumunda: Lifo, Sanlg, Kinglion, Lifan, Haojue, Bajaj Boxer, TVS ndi zina zotere. Kuyambira pa njinga yakale n'kwanzeru ndithu. Mudzaigwetsa pophunzira, ndipo kukalika kwa thanki yakale sikupweteka mtima. Koma njinga yotchipa imadula m'njira ziwiri: injini yotha imene mwabisiridwa, ndi mapepala amene kulibe. Mfundo 3 ndi 5 ndi zimene muwerenge kawiri.

1. Sankhani mtundu poona mashopu a sipeya, osati kukongola

Musanayambe kufunafuna, pitani pa shopu ya sipeya ya pa trading centre yanu, mufunse kuti ali ndi zipangizo za njinga ziti. Kenako funsani makaniko amene amakonza njinga za akabaza kuti ndi iti imene angaiphwasule ndi kuimanga tsiku limodzi. Mtundu umene onse awiri atchule ndi umene mugule.

Zambiri mwa njinga za ku China zimene zili m'misewu yathu injini yake anatengera ya Honda CG125. Honda anatulutsa njinga imeneyi mu 1975 ataona kuti m'mayiko osauka anthu amachedwa kusintha oyilo ndipo amanyamula katundu wopyola muyeso, choncho anaipanga kuti izipirira nkhanza. N'chifukwa chake pisitoni, gasiketi kapena kabuleta ya mtundu wina imalowa pa mtundu wina, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa m'kati monse. Boxer ndi TVS za ku India ndi zolimba kuposa zambiri za ku China, koma sipeya wake ndi wakewake, ndiye onetsetsani kuti kwanuko amapezeka.

Mudzakumananso ndi Yamaha DT125 kapena AG zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera. Pa msewu wa fumbi ndi m'mapiri palibe yozifika. Komabe DT ndi ya 2-stroke, mtundu wa injini imene imawotcha oyilo limodzi ndi petulo: imafuna oyilo wakewake wa 2T nthawi zonse, imamwa petulo kwambiri, ndipo sipeya wake weniweni ndi wodula. Ine kwa munthu woyamba sindiilimbikitsa.

2. Musathere ndalama zonse pa mtengo wa njinga

Gawani ndalama zanu panayi. Magawo atatu ndi a njinga, limodzi lotsalalo ndi la chisoti, inshulansi, kusintha umwini, oyilo, ndipo kawirikawiri tcheni ndi tayala limodzi. Sipeya yense amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake imalumpha sabata yomweyo. Amene amathera zonse pogula amaimika njinga pakhonde mwezi woyamba chifukwa cha kanthu kakang'ono.

3. Kaioneni m'mawa, injini isanalizidwe

Uzani wogulitsa kuti mufika m'mawa ndipo asailize. Mukafika, gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti waitenthetsa dala, chifukwa injini yotha imalira msanga ikatentha koma imavuta ikazizira. Musakangane naye, ingonenani kuti mubweranso mawa.

Ikakhala yozizira, yambani ndi oyilo. Imikani njinga chilili pa sitandi yapakati, tulutsani kamtengo koyezera, pukutani, kabwezereni osapotokola, n'kutulutsanso. Oyilo wakuda si mlandu waukulu. Choopsa ndi tizitsulo tonyezimira mukamufikisa pakati pa zala padzuwa, kapena oyilo wolimba kwambiri wonanda. Ena amathira oyilo wolemera dala kuti aphimbe phokoso la injini ndi utsi. Oyilo watsopano mbee pa njinga yosasamalidwa kwina konse nayenso akupatseni mafunso.

Kenako pondani kiki pang'onopang'ono kiyi ali wothimitsa. Iyenera kulimba penapake n'kukukanizani. Ikangotsika lobodo mpaka pansi, mphamvu ya m'kati yatha: maring'i, pisitoni kapena mavalavu. Uku ndi kutsegula injini, ndipo mtengo wake muuchotse pa mtengo wa njinga kapena muisiye.

Tsopano ilizeni nokha. Mukakoka choko (choke), kachitsulo kothandiza injini yozizira kulira, njinga yabwino imalira pa kiki yoyamba mpaka yachitatu. Imani kumbuyo muone utsi. Kautsi koyera kamene kamatha m'mphindi zochepa m'mawa wozizira wa June ndi nthunzi chabe. Utsi wakuda ndi kabuleta imene ikupereka petulo wambiri, kapena sefa ya mpweya yatsekeka, zimenezo n'zotchipa. Utsi wobiriwira motuwa umene ukuchuluka mukawonjezera moto ndi oyilo akupsa, ndipo imeneyo ndi injini yotopa. Pa 2-stroke pokha ndi pamene utsi wotere uli wachibadwa.

Mvetserani. Kaphokoso ka "tiki-tiki" kochokera pamwamba pa injini ndi matapeti, amasetedwa pa mphindi makumi awiri. Kugogoda kolemera kochokera pansi, kumene kumatsatira moto, ndi kumene amakaniko amati injini yanoka, kutanthauza kuti mabering'i a m'munsi adyeka. Imeneyo thawani ngakhale akutsitsireni mtengo bwanji.

Pomaliza tulutsani pulagi. Nsonga yofiirira ndi youma ndi yabwino. Yonyowa ndi oyilo ikutsimikiza zimene utsi wakuuzani.

4. Fufuzani ngati inali ya kabaza, kenako iyendetseni

Pafupifupi aliyense wogulitsa amati njinga inali yongoyendera kutchalitchi. Mita ya makilomita musaikhulupirire, waya wake amadula kapena unaduka kalekale. Njinga imene yagwira kabaza imadziulula yokha: mpando wotalikitsidwa, kaliyala wowotcherera zitsulo zowonjezera, mashokapu anayi kumbuyo m'malo mwa awiri, mphira za popondera zodyeka mpaka chitsulo. Njinga yotere yanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga tsiku ndi tsiku. Sindikuti isagulidwe, koma mtengo wake ukhale wa njinga yotopa.

Chotsani mpando ndi zivundikiro za m'mbali, muyang'ane felemu, makamaka pamene mashokapu amangidwa ndi pansi pa khosi la chiwongolero. Mng'alu kapena powotcherera pamenepo ndi chifukwa chokwanira chobwerera kunyumba. Njinga ili pa sitandi yapakati, gwedezani tayala lakumbuyo cham'mbali: lisagwedere. Tembenuzani chiwongolero uku ndi uku tayala lakutsogolo lili m'mwamba: chisakodwe pakati. Gogodani masipoko ndi sipana, omasuka amalira mosiyana ndi anzawo. Mano a sipuloketi akakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi, tcheni ndi masipuloketi onse awiri ndi ogula. Suzumirani m'thanki ndi tochi ya foni ngati muli dzimbiri.

Poyendetsa, ngati inu simunadziwe, tengani munthu wanu wodziwa, osati mnzake wa wogulitsa. Alowetse magiya onse, akwere kachitunda pa giya yapamwamba n'kuwonjezera moto. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, klatchi yatha. Giya imene imadzichokera yokha ndi vuto la m'kati. Pa msewu wosalala afewetse manja pa chiwongolero: njinga ikamakokera mbali imodzi, inachitapo ngozi. Ayesenso magetsi onse, hutala ndi sitata.

5. Mapepala: apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira ndalama

Anthu amatha ola lathunthu akumvetsera injini koma mapepala amangowayang'ana patali. Chonsecho injini yotha imakonzeka ndi ndalama yodziwika, pomwe njinga yopanda mapepala mutha kuiluza yonse pa roadblock imodzi. Zili ngati kugula ng'ombe usiku yopanda kalata ya kwa amfumu: mwini wake akatulukira, ng'ombe imapita, ndalama zanu osabwerera, inu n'kukagona kupolisi.

Njinga zakale zimene zikugulitsidwa zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zolembetsedwa, zokhala ndi nambala ya Malawi ndi blue book, chikalata cha ku Road Traffic chosonyeza mwini wake. Izi ndi zimene mukufuna.

Gulu lachiwiri ndi zimene zinagulidwa mu shopu muno m'dziko koma mwini wake sanakalembetse. Apa funsani risiti ya shopuyo ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho wolowetsera unalipidwa. Popanda pepala la MRA, ku Road Traffic sakupatsani nambala.

Gulu lachitatu, limene ndi lalikulu m'maboma a m'malire monga Dedza, Ntcheu, Mulanje ndi Mangochi, ndi njinga zimene zinagulidwa ku Mozambique n'kulowa kudzera njira zachidule. N'zotchipa chifukwa msonkho sunalipidwe. Wogulitsa amakuonetsani kapepala ka Chipwitikizi n'kunena kuti "mapepala alipo". Kapepalako kangasonyeze kuti njinga inagulidwa kutsidyako, koma sikakupatsani ufulu woyenda nayo pa M1. Mukagula yotere, msonkho umene iye anazemba mwausenza ndinu. Ngati mtima wakakamirabe, pitani kaye ku ofesi ya MRA ndi kapepalako, akuuzeni zoti mulipire, muphatikize pa mtengo wa njinga, ndiye muone ngati ikadali yotchipa. Kawirikawiri kutchipa kumathera pomwepo.

Tsopano blue book ili m'manja mwanu. Chitani izi mosathamanga.

Pezani nambala ya chasisi pa njinga. Imadindidwa pa khosi la felemu, pamene chiwongolero chimazungulira, ndipo pa njinga zambiri ili ndi zilembo ndi manambala 17. Pezaninso nambala ya injini, imene imakhala m'munsi mwa injini kumanzere, pafupi ndi popondera magiya. Pukutani matope ndi kansalu konyowetsa parafini. Wina aziwerenga pa chitsulo mokweza, inu muzitsatira pa pepala, chilembo chimodzichimodzi. Osangoona manambala anayi omalizira.

Nambala ya injini ikasiyana ndi ya pa buku, mudzamva kuti "tinangosintha injini, yakale inanoka." Zimachitikadi, akabaza amasintha mainjini kawirikawiri. Koma injini yatsopanoyo inachokera kuti? Njinga zobedwa zambiri zimaphwasulidwa n'kugulitsidwa zidutswazidutswa. Popanda risiti ya injiniyo, ndipo popanda kukonzetsa buku ku Road Traffic, mlanduwo udzapezeka ndi amene wakwera njingayo tsiku limenelo. Yendetsaninso chala pa manambalawo. Pamalo popalidwa ndi fayilo, manambala osayima mzere umodzi, kapena penti watsopano pa khosi pokha pomwe felemu yonse ndi yakale, ndi zizindikiro zoti adindanso. Musafunse zambiri, chokanipo.

Kenako yerekezani dzina la pa blue book ndi chitupa cha unzika cha amene akugulitsayo. Apa ndi pamene pamagona nkhani. Njinga zambiri zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, aliyense akungopatsira mnzake buku osasintha dzina. Amene dzina lake lili pa buku mwina anapita ku Joni, mwina anamwalira. Kuyambira pamene Road Traffic inayamba kugwiritsa ntchito makina a MalTIS, munthu amadziwika ndi khadi lake la traffic register ndi zidindo za zala, choncho kusintha umwini kumafuna mwini wolembedwayo, osati amene wangosunga buku. Funso lanu likhale limodzi: "Bambo, amene dzina lawo lili apa angapite nane ku Road Traffic?" Yankho likakhala lozungulira, dziwani kuti njingayo simudzailembetsa m'dzina lanu mosavuta, ndipo tsiku lodzaigulitsa vutolo lidzakhala lanu.

Funsaninso ngati inatengedwa pa ngongole. Njinga zambiri za kabaza zimaperekedwa kuti munthu azilipira pang'onopang'ono, ndipo ena amagulitsa asanamalize. Wobwereketsayo akaipeza amailanda, za mgwirizano wanu sizimukhudza. Wogulitsa akakhala ndi fotokope yokha ya buku, funsani kuti lenilenilo lasungidwa ndi ndani komanso chifukwa chiyani.

Ngati pali kena kalikonse kokayikitsa, pemphani kuti mupite limodzi kupolisi akaone manambalawo. Munthu wogulitsa njinga yake sakana zimenezi. Wokana wakuyankhani kale.

6. Lipirani mogawa, ndipo mulemberane

Lembani kalata ya mgwirizano: mayina onse, manambala a zitupa, nambala ya njinga, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, ndi mboni ziwiri. Kumudzi onjezerani chidindo cha amfumu. Perekani gawo la ndalama, lotsalalo mudzamalize dzina likasinthidwa. Mukapereka zonse lero, mawa foni yake idzakhala yosapezeka, osati chifukwa ndi wakuba, koma chifukwa alibenso chomukokera kukaima pa mzere tsiku lonse. Kulipira kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba kuli bwino kuposa ndalama za m'manja chifukwa kumasiya umboni.

Pa geti la Road Traffic mudzapeza madobadoba, anyamata amene amalonjeza kukufulumizitsirani zinthu mukawapatsa kangachepe. Ena amathandizadi kuloza mawindo, koma ena amabweretsa mapepala amene m'kompyuta mulibe. Lowani nokha, lipirani pamalo ovomerezeka, sungani risiti iliyonse. Musatuluke mumsewu opanda inshulansi, ngakhale ya third party, imene imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu koma njinga yanu ayi. Onaninso tsiku limene COF, chikalata chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikuthera.

7. Sabata yoyamba, ichitireni sevisi ngati sinachitidwepo

Zimene wogulitsa wanena za sevisi ziiwaleni. Khuthulani oyilo injini ili yofunda. Injini za mtundu wa CG zimalowa pafupifupi lita imodzi, ndipo zilibe fyuluta ya pepala. Zili ndi kasefa kawaya kuseri kwa chitsekerero chachikulu cha kumanzere m'munsi, kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Katsukeni ndi parafini. Gulani oyilo wa njinga zamoto wolembedwa 4T, wa 20W-50, pa botolo pakhale mawu akuti JASO MA. Klatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo, ndiye oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka. Oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa pamsika musamuyandikire.

Makaniko asete matapeti injini ili yozizira. Pa CG mpata wake ndi 0.08mm, ndipo ayeze ndi kachitsulo koyezera, osati ndi khutu. Ikani pulagi yatsopano, yakaleyo isungeni pansi pa mpando. Sefa ya mpweya ikakhala ya siponji, ichapeni ndi parafini, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kufinya. Ikakhala ya pepala, gulani ina. Tcheni chikhale ndi mpata wosewera wa masentimita 2 mpaka 3 pakatikati. Cholakwika chofala ndi kuchikunga kwambiri poganiza kuti ndiye bwino, chonsecho chimadya mabering'i ndipo chimatha kuduka pa bampu. Tsegulani mabuleki onse awiri muone ngati nsapato zake (brake shoes) sizinadyeke. Tayala long'aluka m'mbali lisinthidwe ngakhale mapanga ake akuoneka.

8. Laisensi, chisoti, ndi kuphunzira

Njinga yosapitirira 125cc imafuna laisensi ya code A1, yoposa pamenepo imafuna code A. Laisensi ya galimoto siyikukwanirani. Ngati mukugula ya 150, musalakwitse code.

Chisoti gulani chatsopano, chotseka mpaka chibwano, chokuthinani bwino, ndipo lamba wake azimangidwa. Chisoti cha pa ntchito ya zomangamanga sichithandiza kanthu pa ngozi. Wokwera kumbuyo nayenso lamulo limafuna avale.

Phunzirirani pa bwalo la mpira, osati mumsewu. Chinthu chimodzi chimene ophunzira kwa anzawo amatengera molakwika ndi kuopa buleki yakutsogolo. Pa tala, yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga, yakumbuyo imangothandizira. Phunzirani kuifinya pang'onopang'ono, osati kuitswanya. Pa mchenga ndi m'matope a dzinja ndi pamene mumaifewetsa n'kudalira yakumbuyo ndi giya yotsika. Mwezi woyamba musanyamule munthu. Pa msewu waukulu musayende m'mbali mwa thiraki kapena kumbuyo kwenikweni kwa minibasi, imene imaima paliponse pamene yaona munthu.

9. Kuti ikhalitse

M'misewu yathu ya fumbi, ine ndimati oyilo asinthidwe pa makilomita 1,000 mpaka 1,500 alionse, ndipo muziyeza mlingo wake sabata iliyonse chifukwa injini yakale imamwako pang'ono. Lita imodzi yokhayo ikachepa ndi theka, injini imapsa. Tcheni chidonthezereni oyilo sabata iliyonse komanso mukayenda pa mvula. Mabawuti a njinga za ku China amamasuka ndi kunjenjemera, ndiye Loweruka lililonse zungulirani ndi sipana 10, 12 ndi 14.

Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Poyenda tsiku ndi tsiku alibe vuto, koma akakhalitsa amakoka chinyezi n'kusiya zinyalala m'kabuleta, komanso amaumitsa mapaipi akale a mphira. Njinga ikati ikhale milungu ingapo osayenda, tsekani kampopi ka petulo, muilize mpaka izime yokha. Nthawi ya kusowa kwa mafuta, petulo wa m'zigubu nthawi zina amakhala wothira parafini kapena madzi. Mukakakamizika kugula, muoneni kaye m'botolo loyera, madzi amakhala pansi. Ikani kafyuluta kakang'ono pa paipi yochokera ku thanki, n'kotchipa kuposa kutsukitsa kabuleta mwezi ndi mwezi.

Loko wa chiwongolero amathyoka ndi kukankha kumodzi, choncho gulani tcheni cholimba ndi loko wake, ndipo usiku njinga izigona m'nyumba. Blue book yeniyeni isungeni kunyumba, pansi pa mpando pazikhala fotokope. Manambala a chasisi ndi injini ajambuleni pa foni ndipo muwalembenso m'kope, chifukwa njinga ikabedwa apolisi adzayamba kufunsa amenewo.